Mawu Amene Ananditumiza ku Kasinje

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Munazimva kale kwa agogo anu, ndipo iwo ankazikometsera kuposa mmene ine ndingathere. Ndiyambira pamene ndinagwira choko koyamba, chifukwa ndi pamene ndinayamba kudana ndi anthu, ndipo ena mwa iwo mpaka lero tikakumana pamaliro amayang'ana kumbali.

1994: Kufupi ndi Lizulu

Chaka chimene boma linanena kuti sukulu ya pulayimale ndi yaulere, ana anatuluka m'midzi ngati ngumbi. Aphunzitsi anachepa, ndiye a boma anayamba kulemba ntchito aliyense amene anali ndi satifiketi. Ine ndinali kale mayi wa ana awiri, iwe Tiyanjane ndi mlongo wako Yamikani, ndipo satifiketi yanga ya Fomu 4 inkangogona m'sutikesi pansi pa nsalu za kutchalitchi. Bambo anu nthawi imeneyo ankapikula kachewere kwa alimi n'kumakagulitsa pamsika wa Lizulu. Anati, "Anangozo, pitani mukayese, mwina tingapume kudya kachewere wotsala pamsika." Nditalembedwa, a boma anatiphunzitsa ntchito kwa masabata owerengeka, kenako anatimwaza m'masukulu. Ine anandiika pasukulu ina ya kumtunda, kumene mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa.

Kalasi yanga inali pansi pa mtengo. Bolodi linali chitseko chakale chimene tinachipaka makala a m'mabatire a wailesi, ndipo choko tinkachidula pakati kuti tigawane ndi mnzanga wa kalasi ina. Ana ankakhala pa miyala, aliyense mwala wake, ndipo ndewu zambiri zimene ndinaweruza chaka chimenecho zinali za miyala. Tsiku la msika theka la kalasi linkasowa kukasenza matumba. Mvula ikagwa, sukulu yatha. Aphunzitsi akale, amene anapita ku koleji, ankatiyang'ana ife ngati anthu otola ntchito pamsewu, ndipo sankabisa. Mphunzitsi wamkulu, mkulu wina wofatsa amene anali pafupi kupuma, anandipatsa Chingerezi kuti ndiziphunzitsa chifukwa anamva kuti kwathu kuli dikishonale. Inalipodi. Bambo anga anabwera nayo kuchokera ku Joni, kumene anagwira ntchito mumgodi. Iwo sankawerenga Chingerezi, koma ankati buku lolemera chonchi silingakhale lachabe. Linali lachikale, lopanda chikuto chakumbuyo, ndipo linkafotokoza tanthauzo la mawu komanso kumene mawuwo anachokera. Buku limenelo ndi limene linandiphunzitsa ntchito, osati masabata aja.

1998: Ku Boma

Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi amene tinkachita tili pantchito, ananditumiza pasukulu ina pafupi ndi Ntcheu Boma. Kumeneko ndi kumene tinakhala koyamba m'nyumba ya magetsi. Yamikani ankangoyatsa ndi kuzimitsa getsi mpaka ndinamukwapula. Mpopi unali pakhomo, chipatala pafupi, minibasi zopita ku Lizulu nthawi iliyonse, moti bambo anu ankapita m'mawa n'kubwerera madzulo. Ndinkaona kuti tafika.

Mphunzitsi wamkulu anali a Chimphamba. Sindiwanamizira, ntchito ankaidziwa, ndipo pasukulu pawo mabuku sankasowa chisawawa. Koma anali ndi matenda amene mabwana ambiri a nthawi imeneyo anali nawo. Pamsonkhano wa makolo ankalankhula Chichewa chabwinobwino, cha kuno kwathu, bola nkhani ikhale ya kuumba njerwa kapena kukumba chimbudzi. Ikangofika nkhani imene sankafuna mafunso, ankasinthira ku Chingerezi. Makolo ankangogwedeza mitu, chifukwa palibe munthu wamkulu amene amafuna kuoneka kuti sanamve. Kenako ankati, "Madamu atithandiza mwachidule," ndipo ine ndinkaimirira n'kunena zochepa, zosalala. Chimenecho chinali chizolowezi, ndipo aliyense pasukulupo ankachidziwa.

Kuwonjezera pa Chingerezi cha Sitandade 8, ndinkayang'anira gulu la atsikana ovina uyeni, gule wathu wa atsikana amene amavina osavala nsapato. Iwe Tiyanjane unalimo. Sunali katswiri, usadzinamize. Katswiri anali Feliya, kamtsikana kafupi, ka diso limodzi lopenyera kumbali, kamene kakaponda pansi anzake onse ankatsata phazi lake.

1999: Chaka cha chisankho

Kutayamba kuzizira, tinamva kuti kukubwera bwana wina wamkulu wa ndale kudzachititsa msonkhano, ndipo adzagona panyumba ina ya alendo pamodzi ndi anthu ake. Dzina lake ndi chipani chake sinditchula, chifukwa amene anabwera pambuyo pawo sanali angelo. Wokonza ulendowo anali a Dzoole, mwana wa konkuno, amene ndinkawadziwa kuyambira akuyenda pa njinga yopanda mabuleki. Tsopano anali ndi galimoto ya chipani ndi mimba. Anafika masana ena pamodzi ndi a Chimphamba pabwalo pamene tinkayeserera gule. Anati akufuna gulu lonse lidzavine pamsonkhano, koma palinso atsikana angapo amene adzatsale kukaperekera zakudya kwa alendo madzulo, agone komweko, abwerere m'mawa. Ine ndinaitana Feliya ndi anzake ena amene ndinkawadziwa kuti ndi achangu, osagwetsa mbale. A Dzoole anapukusa mutu n'kunena m'Chingerezi, ana akumva koma osamva, "Not those ones, madam. The comelier ones." Kenako anayamba kuloza ndi kiyi wa galimoto. Woyamba kulozedwa unali iwe, Tiyanjane. Analoza Esinala, mwana wa a Simango, amene sankatha n'komwe kuvina, analozanso ena atatu. Onse anali atsikana amene matupi awo anali atayamba kukula. Iwe ndi anzakowo munasekerera, mukuganiza kuti mwapambana.

Kuti sakufuna amene ndinasankha ndinamva. Koma mawu akuti comelier ndinali ndisanawamvepo, ngakhale ndinali mphunzitsi wa Chingerezi. Ndinangoti, "Chabwino bwana," n'kubalalitsa ana. Nditafika kunyumba sindinavule n'komwe nsapato. Ndinatsitsa dikishonale ija pamwamba pa kabati. Comelier amachokera ku comely, ndipo comely ndi munthu wooneka bwino, wokomera maso, makamaka mkazi. Ukati comelier ndiye kuti ukuyerekeza, uyu ndi wokongola kuposa uyo. Bukulo linati ndi mawu achikale amene Angerezi eni ake sawagwiritsanso ntchito kawirikawiri. Linatinso kalekale mawu amene anabala comely ankanena chinthu chosalala, chopangidwa mwaluso, chosalimba, ndipo pambuyo pake anthu anayamba kuwagwirizanitsa ndi mawu ena onena chinthu choyenera munthu. Ndinawerenga kawiri. Munalibe za khalidwe, munalibe za changu, munalibe za kudziwa kunyamula mbale. A Dzoole sanalakwitse Chingerezi. Anasankha dala mawu amene ngakhale mwana wanzeru wa Sitandade 8 sangawadziwe, kuti asankhe ana a eni ake ngati mmene munthu amasankhira tomato pamsika, ana omwewo ali chilili. Mtima wanga unatentha, ndipo madzulo amenewo munadya ndiwo zopserera.

M'mawa mwake ndinalowa mu ofesi ya a Chimphamba. Sindinazungulire. Ndinati, "Ahedi, woperekera zakudya amafunika manja kapena nkhope?" Iwo anatseka chitseko, chinthu chimene sankachita. Anati, "Madamu, khalani pansi. Inu ndi ine sitingalimbane ndi anthu amenewa. Atilonjeza malata a buloko ya makalasi ija ilibe denga. Ana akuphunzirira padzuwa, inu mukuona." Ndinati malata ndikuwafuna, koma si pamtengo umenewo. Kenako anatsitsa mawu. "Ndalankhula nawo kale a Dzoole. Tiyanjane sapita. Tidzanena kuti akudwala. Ndine kholo inenso, ndikumvetsa. Ndiponso wachiwiri wanga akusamuka, ndipo dzina limene ndikufuna kupereka ndi lanu. Chimene ndikupempha n'chaching'ono. Lachisanu tiitana makolo kuti avomereze za kugona kunja. A Dzoole adzalankhula, inu mudzamasulira monga mwa masiku onse. Mudzangoti asankha atsikana a khalidwe labwino." Ndinafunsa za Esinala ndi anzake. Anati, "Amenewo ali ndi makolo awo, Madamu. Inu yang'anirani wanu."

Ndikuuzeni zoona, ndinatuluka muja miyendo ili yopepuka. Mwana wanga anali atapulumuka, nyumba ilipo, udindo ukubwera. Masiku otsatirawo ndinayenda nayo nkhaniyi pamtima osauza munthu. Bambo anu okha ndi amene ndinawauza, tikusankha kachewere wowola pakhonde. Anati, "Anangozo, umboni muli nawo kuti anawo akawachita chipongwe?" Ndinati ndilibe. Anati, "Ndiye mukufuna tizipite kuti?" Sanali munthu woipa bambo anu, anali munthu woopa njala. Ndipo funso lawo linali loona. Umboni ndinalibe, ndipo mpaka lero ndilibe. Mwina anawo akanaperekera zakudya, n'kugona, n'kubwerako bwinobwino. Koma ndinkadzifunsa kuti ngati zinali zabwinobwino, a Chimphamba anamuchotseranji mwana wanga, ndipo ine ndinapumiranji m'mwamba atamuchotsa.

Lachisanu makolo anabwera, ambiri amayi, ena ndi makasu awo kuchokera kudimba. Tinakhala m'kalasi ya Sitandade 8, akuluakulu atapanikizana m'madesiki a ana. A Dzoole anayamba ndi Chichewa, moni, kuthokoza, chitukuko, malata. Atafika pa nkhani ya atsikana anati, "Pepani makolo, nkhani za pulogalamu zimandivuta m'Chichewa," munthu wobadwira kuseri kwa phiri lomweli. Analankhula m'Chingerezi, ndipo mawu aja anawabwereza, akumwetulira, chifukwa ankawakonda. A Chimphamba anati, "Madamu atithandiza mwachidule." Ndinaimirira. Ndinatembenukira kwa makolo. Ndinati, "Makolo, bwanawa akuti gulu lonse lidzavina masana. Akutinso madzulo atsikana anayi adzatsala kunyumba ya alendo, kukaperekera zakudya kwa abambo amene abwera ndi bwana wamkulu, ndipo adzagona komweko. Atsikanawo sanawasankhe chifukwa cha khalidwe kapena kuvina. Mawu amene anena akutanthauza okongola kuposa anzawo. Asankha ndi maso. Wanga anamusankhanso, koma amuchotsa kuti ine ndisanene zimene ndanenazi." Ndinakhala pansi.

A Chimphamba ankayang'ana denga. A Dzoole anaseka, nati Madamu sanamve bwino, Chingerezi n'chakuya. Ndinati dikishonale ili kunyumba, mwana akhoza kukaitenga. Amene anaimirira anali a Simango, bambo ake a Esinala, mkulu amene anasiya zala ziwiri mumgodi ku Joni, munthu wosalankhulalankhula. Anavula chipewa n'kunena mofatsa, "Zikomo bwana. Ife sitinapite kusukulu, ndiye tingofunsa. Inu muli naye mwana wamkazi?" A Dzoole anati ali naye, ali ku sekondale. A Simango anati, "Ndiye abwere atsogole iyeyo, athuwa azitsatira pambuyo." Anavala chipewa chawo n'kutuluka. Amayi anayamba kunyamuka mmodzimmodzi, kumanga nsalu zawo n'kumatuluka. Mayi ake a Feliya, amene mwana wawo sanalozedwe n'komwe, anaima pakhomo n'kunena kuti, "Ngakhale kuvinako, wanga sadzabwera." Tsiku la msonkhano palibe mwana wa pasukulu yathu amene anavina, ndipo malata aja sanabwere.

A Chimphamba sanandikalipire. Anangosiya kundipatsa moni. Aphunzitsi anzanga ena ankandigwira dzanja kuseri kwa buloko, koma mu ofesi ankakhala patali. Ena ankanena poyera kuti ndalanda ana denga chifukwa cha mwano, ndipo mvula ikadzagwa ndidzayankhe ndine. Pasanathe nthawi yaitali anandiitana kwa mabwana athu n'kundiuza kuti ndikufunika ku Kasinje. Ndinafunsa chimene ndalakwa. Bwana amene anandiuza anati, "Palibe, Madamu. Kumeneko kulibe mphunzitsi wa Chingerezi, ndipo tamva kuti inu mumachidziwa kwambiri." Ndinati zikomo, ndipo ndinamuyang'ana m'maso mpaka iye ndi amene anayamba kusanthula mapepala.

1999 mpaka kupuma: Kasinje

Tinatsika ndi lole ya chimanga, katundu pamwamba pa matumba. Munthu wozolowera mphepo ya kumtunda, kutentha kwa kumeneko kunandidwalitsa, ndipo malungo anatigwira mosinthana moti anamwino a pachipatala chaching'ono anatidziwa mayina tonse. Nyumba inali ya udzu, yodontha. Madzi tinkatunga pamjigo, nyali ya palafini, ndipo palafiniyo ankasowa. Bambo anu sakanatha kusiya msika, ndiye anabwerera kukakhala ku Lizulu, n'kumabwera pakutha pa mwezi ngati mlendo. Banja lathu silinabwererenso mmene linalili. Ndinadandaula, ndinalira, sindibisa. Koma sindinapite kukagwada. Patapita zaka, a Chimphamba anatumiza uthenga kudzera mwa mphunzitsi wina kuti ndikangopita kukapepesa angandithandize kubwerera ku Boma. Ndinayankha kuti akawauze ndili bwino, ana a kuno nawonso amafuna Chingerezi.

Ndinaphunzitsa kumeneko mpaka tsitsi linachita imvi. Udindo sunabwere, ndipo ana amene ndinawaphunzitsa ndekha ena anadzakhala mabwana anga. Koma pamisonkhano ya makolo, mphunzitsi wamkulu aliyense amene ankabwera ankauzidwa msanga ndi anzake kuti pasukulu pano pali mayi wina amene amamasulira zonse. Ena ankasiya okha kulankhula Chingerezi. Zimenezo zinkandisangalatsa kuposa mmene munthu wopemphera ayenera kusangalalira.

Tsopano ndilankhule ndi iwe, Tiyanjane. Unachoka ku Boma pakati pa chaka cha mayeso, uli m'gulu la ana amene aliyense ankati asankhidwa kupita ku sekondale ya boma. Ku Kasinje unapeza kalasi yopanda mabuku, unadwala, unalemba mayeso uli wofooka, ndipo dzina lako silinatuluke. Unabwereza. Anzako a ku Boma anakupitirira, ndipo ndinkakuona mmene unkabisalira tikakumana nawo atavala yunifolomu. Unasiya kundilankhula kupatula za mchere ndi sopo. Tsiku lina ukutsuka mbale unandiuza osandiyang'ana kuti, "Amayi, inu mumangofuna kuoneka olimba, ovutika ndife." Sindinakuyankhe. Iwe unkadziwa kuti ndinakangana ndi mabwana, koma ana sanali m'kalasi muja, ndipo akuluakulu a nthawi imeneyo sankauza ana nkhani zotere. Ine sindinafune kuti mtsikana wa msinkhu wako adziwe chifukwa chimene bambo wamkulu anamulozera ndi kiyi wa galimoto.

Chimene ukuwerenga pano ndi chakuti iwe unali utapulumuka kale. Ndikanakhala chete, ukanagona kunyumba usiku umenewo, ukanalemba mayeso ako pansi pa getsi, mwina ukanapita kusukulu imene unkailota. Chaka chako chija ndinachipereka ine, ndikudziwa chimene ndikuchita, chifukwa cha ana a anthu ena. Zinandipweteka, ndipo zimandipwetekabe ndikakuona. Koma sindikupepesa, mwana wanga, ndipo usayembekezere kuti ndidzapepesa ndikamadzafa. Iwenso tsopano uli ndi mtsikana amene wayamba kukula, ndipo m'mawa uliwonse umamutumiza kwa anthu amene sudziwa zimene amalankhula akatseka chitseko. Pasukulu pakepo pali mphunzitsi wina amene mwana wake ali pabwino, nyumba yake ili ndi magetsi, ndipo palibe chimene chikumukakamiza kutsegula pakamwa. Uzipemphera kuti akhale wamwano ngati mayi ako.